Mwamuna wa Namawu

Masiku amenewo mkazi sankawerenga nkhani pa wailesi. Akazi ankamveka poimba nyimbo kapena pa pulogalamu ya ana, basi. Akuluakulu a nyumba youlutsira mawu ankati mawu a mkazi ndi opepuka, sangasenze uthenga wa imfa ya nduna kapena wa kugwa kwa mlatho, anthu akawamva adzayesa zocheza.

Mtsikana amene anadzathetsa maganizo amenewa ankagwira ntchito ku positi, m'kachipinda kolumikizira mafoni. Tsiku lina wailesi ya bambo ake inafa, ndipo anaikulunga m'nsalu n'kupita nayo kwa mmisiri wina wachinyamata amene anali ndi kashopu pafupi ndi siteji ya basi.

"Yangosiya kulankhula," anatero mtsikanayo akuika wailesiyo pa tebulo.

"Mwati bwanji?"

"Ndati yangosiya kulankhula."

"Ndinamva kale," anatero mmisiri uja akumwetulira. "Ndimangofuna mubwereze."

Wailesi imene ikanatheka tsiku lomwelo inatenga milungu itatu, ndipo chaka chisanathe awiriwa anakwatirana. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa shopu. Pakati pa nyumba ndi shopu panali chitseko chimodzi cha matabwa, ndipo masiku oyamba aja chinkangokhala chotsekula kuti azicheza wina akuwotcherera mawaya, wina akusita. Anabereka mwana wamkazi. Oyandikana nawo ankati banja limenelo silidziwa kukangana.

Anali mwamunayo amene anaona chidziwitso m'nyuzipepala chakuti ku wailesi akufuna owerenga nkhani. Mkazi anakana, nati kumeneko salemba akazi. Koma mmisiri sanamusiye. Anapukuta maikolofoni yakufa, anaiimika pa tebulo lodyera, n'kumamupatsa nyuzipepala zakale kuti aziwerenga, iye atagwira wotchi. "Mwathamanga, amayi. Pumani pamene pali mpumiro. Yambaninso." Pa anthu makumi anayi amene anakayesedwa, mkazi anali iye yekha, ndipo akuluakulu aja, ngakhale anakangana masiku atatu, anamutenga.

Tsiku limene anawerenga nkhani za masana koyamba, mmisiri anayatsa mawailesi onse khumi ndi imodzi amene anali pa mashelefu, a eni ake omwe, n'kutsekula chitseko cha kumsewu. Anthu odikira basi anaunjikana pakhomo. Mawu aja atamveka, odekha, osanjenjemera, iye anatuluka panja manja ali m'mwamba. "Ameneyo ndi mkazi wanga! Mukumva? Mkazi wanga ameneyo!"

Ndani akanadziwa kuti mawu omwewo, amene tsiku limenelo anatuluka ndi chimwemwe, adzatuluka tsiku lina ndi ukali? Chikondi ndi nsanje zimatchula mawu amodzimodzi, ndipo nthawi zambiri mwini wake sazindikira tsiku limene chimodzi chalowa m'malo mwa chinzake.

Makalata anayamba kufika ku wailesi, poyamba khumi pa mlungu, kenako thumba lathunthu. Omvera anamupatsa dzina lakuti Namawu, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka lake lenileni linaiwalika. Atsikana a sukulu ankatsanzira kalankhulidwe kake. Nawonso makasitomala a pa shopu anasintha kafunsidwe. Sankafunsanso za mmisiri, ankangoti, "Kodi ndi pano pa mwamuna wa Namawu?" Poyamba iye ankaseka. Patapita chaka ankangoloza pa tebulo osadzutsa mutu.

Tsiku lina kunabwera dalaivala wa lole amene sankamudziwa. Ankafuna wailesi yake ikonzedwe msangamsanga. "Achimwene, chitani changu. Ine popanda mawu a mkazi uja tsiku silindiyendera. Amakhala ngati akulankhula ndi ine ndekha. Amene anakwatira pamenepo asamagone tulo, tilipo ambiri pamzere." Dalaivala anaseka yekha. Mmisiri anakonza wailesiyo bwinobwino, koma madzulo ake sanadye.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Makalata ofunsira ukwati, amene kale Namawu ankamuwerengera onse n'kumaseka, tsopano mwamuna ankawafufuza yekha m'chikwama. Anamuletsa kukwera galimoto ya kuntchito chifukwa munkakhala amuna. Anamuletsa kupaka milomo. Wotchi ija inapeza ntchito yatsopano. Nkhani za madzulo zinkatha teni pasiti sikisi, kuyenda pansi kuchokera ku wailesi kunali mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo mphindi iliyonse yopitirira pamenepo inkafuna kufotokozedwa.

"Munali kuti?"

"Bwana anatiimitsa pang'ono za pulogalamu ya mawa."

"Anakuimitsani nonse kapena inu nokha?"

"Bambo a mwana, kodi ndalakwanji? Si inu munanditumiza kumeneko?"

"Ndinakutumizani kukawerenga nkhani. Sindinakutumizeni kukasekerera dziko lonse. Ndimakumvani ine, mukamati 'mwaswera bwanji omvera', mumamwetulira. Mumamwetulira ndani?"

Namawu anayesa kuwerenga osamwetulira. Anayesa kuthamanga pobwerera, mpaka ankafika thukuta lili kamukamu. Sizinathandize, pakuti akafika msanga mwamuna ankati wakwezedwa galimoto. Anapita kwa alamu ake, mlongo wamkulu wa mwamunayo, amene anali namwino, kukadandaula. Alamu anamvetsera, anapukusa mutu, kenako anati, "Alamu, mwamuna wansanje ndiye kuti amakukondani. Sakumenyani, samwa mowa. Pirirani, zidzatha zokha." Namawu anabwerera mtima uli wolemera kuposa mmene anapitira.

Malo okhawo amene ankapuma bwino anali situdiyo, kachipinda kopanda zenera, ka makoma ofewa ndi chitseko cholemera. Nyali yofiira ikayaka palibe amene ankaloledwa kulowa kapena kumufunsa funso. Mphindi khumi zimenezo zinali zake. Nyali ikazima, mantha ankabwerera, maso n'kuthamangira pa wotchi ya pakhoma.

Ku wailesiko kunali mkulu wina amene anawerenga nkhani za madzulo zaka khumi ndi zisanu Namawu asanabwere. Anzake ankamutcha a Kholingo chifukwa cha mawu ake aakulu ndi chizolowezi chokhosomola katatu asanayambe kuwerenga. Nkhani za madzulo zitapatsidwa kwa Namawu, a Kholingo anasunthidwira ku zidziwitso za maliro ndi zanyengo. Pamaso ankamutcha "mwana wanga", koma mumtima chilonda chinali chisanapole. Mkuluyu anayamba kubwera ku shopu ndi wailesi imene inalibe vuto lililonse.

"Ingoionaniko, mwina ndi makutu angawa," ankatero akukhala pa benchi. "Koma inu ndinu mwamuna wolimba mtima. Ine sindikanatha. Ayi, sindikunena kanthu. Kungoti kumene kuja n'kovuta, mkazi kukwera msanga chonchija anthu amalankhula."

Munthu wamiseche sabwera ndi bodza lathunthu. Amabweretsa theka, theka linalo womvera amalimaliza yekha, ndipo amalikhulupirira kwambiri chifukwa walipanga ndi mutu wake.

Chaka chachisanu ndi chimodzi cha ntchito yake, boma linaganiza zotsegula wailesi ya kanema. Bwana wamkulu anaitana Namawu mu ofesi n'kumuuza kuti akufuna nkhope yoyamba kuoneka pa kanemayo ikhale yake. Anamuonetsa munthu amene adzamuphunzitse, bambo wa imvi, woyenda motsimphina, amene anakaphunzira za makamera kunja. Onse ankangomutcha Mphunzitsi. Anali ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo m'thumba la jekete lake simunkasowa maswiti a chifuwa amene ankagawira aliyense.

Namawu anadikira mpaka Lamlungu masana, mwana atapita kukasewera, kuti auze mwamuna wake.

"Ayi," anatero mmisiri asanamalize n'komwe.

"Tamverani kaye."

"Ndamva. Mawu anawatenga, ndinakhala chete. Tsopano akufuna nkhope. Mawa adzafuna chiyani? Ine nditsala ndi chiyani m'nyumba muno? Mwamuna aliyense m'bala azikuyang'anani m'maso, botolo lili m'manja, ine ndili pano ndikuwotcherera mawaya?"

"Ndi ntchito, bambo. Nkhope yanga imaoneka kale pamsewu tsiku lililonse."

"Mukanene mawa kuti simukufuna. Apo ayi musankhe, kanema kapena banja."

M'mawa mwake Namawu anakanadi. Bwana anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. "Mayi, ndinamenya nkhondo kuti akuluakulu avomere mkazi. Mukakana inu, aika mwamuna, ndipo padzapita zaka khumi asanaganizenso za mkazi wina." Potuluka anadutsa m'chipinda cha otaipa. Atsikana asanu a mmenemo anali atamva kale mphekesera, ndipo anaimirira n'kumuombera m'manja. Mmodzi anamugwira dzanja nati, "Achemwali, mukalowa inu, ifenso tilowa." Namawu analowa m'bafa n'kulira. Kumbuyo kunali mwamuna wake, kutsogolo kunali atsikana aja, ndipo kulikonse kumene akanatembenukira akanakhumudwitsa wina.

Anasankha njira imene inaoneka yofewa, koma ndiyo inali yoopsa. Anavomera kuphunzira mobisa pa nthawi ya chakudya cha masana, akudziuza kuti tsiku lotsegulira likadzayandikira adzapeza mawu abwino omuuzira mwamuna wake. Tisamuweruze msanga. Bodza lake linali lolakwika, koma linabadwa ndi mantha, ndipo amene anabzala manthawo ndi yemwe ankafuna kuuzidwa zoona.

Maphunzirowo ankachitikira m'nyumba ina yakale yosungiramo katundu kuseri kwa wailesi, imene anaisandutsa situdiyo. Mazenera anawatseka ndi nsalu zakuda chifukwa cha magetsi a makamera, ndipo chitseko ankachikhoma kuti phokoso lisalowe. Milungu isanu ndi umodzi Namawu ankalowa mmenemo wani koloko n'kutuluka thu koloko. Anaphunzira kuyang'ana diso la kamera ngati munthu, kusagwedeza mutu, kusaphethira kwambiri ngakhale magetsi akuwotcha. A Kholingo ankaona zonsezi ali pa zenera la kantini.

Lachitatu lina a Kholingo anafika ku shopu opanda n'komwe wailesi. "Ine ndine munthu wamkulu, sindikonda zolankhulalankhula. Koma mukanakhala mwana wanga ndikanakuuzani kuti mufunse kumene akazi anu amadyera masana. Nyumba ya makatani akuda, chitseko chokhoma, ola lathunthu, ndi mkulu wotsimphina uja. Mwina akupemphera, ine sindikudziwa."

Madzulo amenewo Namawu anafika pa nthawi yake. Mwamuna anamulandira chikwama, chinthu chimene anali atasiya kalekale, n'kukhuthulira zonse pa tebulo. Anatola kampango koyera kamene kanali ndi mawanga a ufa wodzola kumaso.

"Ichi n'chiyani? Pa wailesi amaona nkhope?"

Namawu anakhala pansi. Anaulula zonse, za bwana, za atsikana otaipa, za maphunziro. Koma choona chimene chabwera mochedwa chimamveka ngati bodza lachiwiri.

"Milungu isanu ndi umodzi! Mukudya nane, mukugona pambali panga, mukundinamiza! Ndiye ndikhulupirire kuti m'chipinda chokhoma mumangoyang'ana kamera?"

"Sitikhala awiri okha mmenemo, mumakhala anthu. Tiyeni mawa mukaone nokha, ndapota nanu."

"Kuti akandiseke? Akati wabwera mwamuna wa Namawu kudzalondera? Mawa simupita kulikonse."

Kutacha, mwana atapita kusukulu, mmisiri anakhoma chitseko chakumbuyo ndi loko wakunja, anakhomanso chitseko cha pakati pa nyumba ndi shopu, makiyi n'kuika m'thumba la ovolosi. Mazenera a nyumbayo anali ndi zitsulo zotchinga akuba. Namawu, atavala kale zakuntchito, anagogoda, anachonderera, analonjeza kuti akangowerenga nkhani za masana abwerera. Yankho linali phokoso la wailesi imene mwamuna anaikweza dala. Anayenda kuchoka kuchipinda kupita pabalaza, kuchoka pabalaza kubwerera kuchipinda, masitepe asanu ndi atatu uku, asanu ndi atatu uko. Itakwana thwelofu anamva kupyolera m'matabwa munthu akukhosomola katatu, kenako mawu a a Kholingo akuwerenga nkhani zake. Pa zaka zisanu ndi chimodzi anali asanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Anakhala pansi n'kutsamira chitseko, nsapato zili kuphazi.

Cha m'ma thu koloko anamva mapazi a munthu wotsimphina akulowa m'shopu. Anawazindikira nthawi yomweyo. Mphunzitsi anali atadabwa kuti wophunzira wake sanabwere, ndipo poti ankadziwa pang'ono za mavuto a kunyumbako, anaganiza zobwera yekha kudzalankhula ndi mwamunayo ngati bambo ndi bambo mnzake.

"Pepani, ndinu bambo a pakhomo pano? Ine ndine amene ndikuphunzitsa mayi ku kanema."

Wailesi ija inazimitsidwa. Namawu anaimirira n'kuyamba kumenya chitseko. "Aphunzitsi, bwererani! Chonde pitani!"

"Mwawatsekera?" anafunsa Mphunzitsi modabwa. "Ayi, bambo, zisafike pamenepa. Cholakwa ndi changa, ndinayenera kubwera kwa inu poyamba pomwe. Koma ndikuuzeni zoona, ndaona anthu ambiri pa kamera, sindinaonepo wotere. Ndakhala ndikuwayang'ana tsiku lililonse milungu isanu ndi umodzi, ndipo nkhope imene ija..."

"Mwakhala mukuwayang'ana."

"Ndiyo ntchito yanga, bambo. Munthu wotere si wobisa m'nyumba. Ndi wa dziko lonse."

Mkuluyo ankayesa kuyamikira. Sanadziwe kuti mawu aliwonse amene ankatchula ankagwera pa bala. Namawu sanaone kanthu, anangomva. Anamva mpando ukugwa, mwamuna wake akukuwa ndi mawu amene sanawamvepo, "Ndi mkazi wanga! Wanga!" Anamva shelefu ikugwa ndi mawailesi ake, kenako kubuula kumodzi kwakutali. Anamenya chitseko mpaka zikhatho zinang'ambika, akuitana mwamuna wake, akuitana odutsa pamsewu. Kenako m'shopu munangoti zii.

Amene anathyola chitseko anali anthu a pa siteji ya basi. Namawu atatuluka anapeza Mphunzitsi ali gone pakati pa mawailesi osweka, sikuludalaiva yaitali ili m'khosi, maswiti a chifuwa atamwazika pansi. Mwamuna wake anali atakhala pa benchi, manja ali pa mawondo, akuyang'ana khoma. Sanathawe. Apolisi atafika anaimirira yekha n'kutambasula manja. Mphunzitsi anamwalira asanafike kuchipatala.

Mlandu unatenga masiku anayi, ndipo khoti linkadzaza mpaka pakhonde. Ambiri sanabwerere chilungamo, anabwera kudzaona nkhope ya Namawu. Ojambula awiri anachitira umboni kuti pa maphunziro onse iwo ankakhalamo, ndipo awiriwo sanatsalepo okha ngakhale mphindi imodzi. Mayi wodzola anthu kumaso anafotokoza mmene Namawu ankamupemphera kuti amupukute kawirikawiri asanatuluke, ndi mmene malemuyo ankanenera kuti, "Mayi, ndiloleni ndikalankhule ndi amuna anu, munthu amene anakuphunzitsani kuwerenga sangakane." Pomva zimenezi mmisiri anaweramitsa mutu mpaka unagunda thabwa la kutsogolo kwake.

A Kholingo nawo anaitanidwa. Anakhosomola, nati iwo sananenepo kuti panali chibwenzi, anangotchula za makatani. Lamulo silinawapeze ndi mlandu. Anatuluka m'khoti taye ili bwinobwino, ndipo mpaka anapuma pa ntchito ankauza anthu kuti iwo anayesetsa kulangiza banjalo.

Woweruza ananena kuti woimbidwa mlandu sanapeze mkazi wake ndi mwamuna, sanaputidwe, ndipo anapha munthu amene anabwera ndi mtendere. Anati kutsekera mkazi m'nyumba m'mawa uja kunasonyeza kuti mkwiyowo sunali wadzidzidzi, unali woweta. Anamulamula kukakhala kundende zaka makumi awiri ndi zisanu akugwira ntchito yakalavulagaga. Mkazi wa Mphunzitsi, amene anakhala kutsogolo ndi ana ake anayi masiku onsewo, sanalire mokweza. Potuluka anaima pamaso pa Namawu n'kunena motsitsa, "Mukanangowauza amuna anu zoona, mayi." Mawu amenewo Namawu anayenda nawo moyo wake wonse.

Kanema anatsegulidwa patapita miyezi isanu ndi itatu. Ena ankati mkazi wophetsa anthu asaonekere, ndipo makalata otukwana ankafika pamodzi ndi olimbikitsa. Bwana sanasinthe maganizo. Namawu anakhala kutsogolo kwa kamera, anayang'ana m'diso lake monga anaphunzitsidwira, n'kupereka moni kwa dziko. Anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo awiri mwa atsikana otaipa aja anadzakhala owerenga nkhani pansi pa iye. Sanakwatiwenso. M'nyumba imene anasamukira ndi mwana wake anachotsa maloko a zitseko zonse za m'kati.

Kundende, mmisiri ankayenderedwa ndi mlongo wake yekha, kamodzi pa mwezi. Ankalankhulana kupyolera pa waya, mlonda ali chilili pambali. Ulendo wina, atafunsa za mwana ndi za shopu imene inasanduka yometera, anatsitsa mawu.

"Achemwali, mumamuona pa kanema?"

"Tsiku lililonse. Anthu amadzaza kwa aneba kudzaonera."

"Amaoneka bwanji?"

Mlongo wake anayang'ana pansi. "Amaoneka bwino, achimwene. Wayamba imvi pang'ono apa."

Mmisiri anagwira waya uja ndi zala zonse, koma belu linalira, ndipo mlonda anamugwira paphewa kumubwezera m'chipinda chake cha anthu khumi ndi awiri, chimene kazenera kake kanali pamwamba poti munthu sangasuzumire.

Nsanje imalonjeza munthu kuti imusungira chimene amakonda, koma ndiyo imayamba kumulanda. Mwamuna uyu ankaopa kuti dziko lidzaona nkhope ya mkazi wake iye n'kutsala wopanda kanthu. Palibe amene anamulanda mkaziyo, ngakhale dalaivala, bwana kapena Mphunzitsi. Anadzilanda yekha, n'kulandanso ana anayi bambo wawo. Dziko lonse linapitiriza kuona nkhope ija madzulo alionse, kupatula munthu mmodzi amene ankafuna kuti ikhale yake yekha.